Moto wa mnansi ukatentha munda wako

Mawu otitsogolera: Eksodo 22:5-6, Luka 13:1-5, 2 Akorinto 8:1-24



Ndili ndi chizolowezi chimene ndakalamba nacho. Ndikaweruka ku koleji kumene ndimathandiza kusula anyamata ndi asungwana okonzekera ubusa, nthawi zina ndimapatuka n'kukaima pamlatho wa Mulunguzi kuyang'ana madzi. Mtsinje umenewu si waukulu, ndipo mlendo angathe kuudutsa osaufunsa dzina. Koma ife a mumzinda wa Zomba moyo wathu wapachikika pa iwo. Umayambira m'madambo a pamwamba pa phiri, nudumpha mathithi a Williams ndi a Mandala, nupumula m'damu lalikulu losunga madzi oposa makyubiki mita 3 miliyoni. Kuchoka apo umatsetsereka phirilo, nudzera m'munda wa mitengo ndi maluwa umene atsamunda anauyamba m'zaka za m'ma 1890, nukathira mu Likangala. Likangala naye amakatula katundu wake m'nyanja ya Chilwa, nyanja yopanda mtsinje wotulukamo.

Madzi amene mayi wa ku Chinamwali waphikira nsima lero, amene namwino wasambitsira khanda kuchipatala chachikulu, ngakhale amene timabatizira ana m'matchalitchi mwathu, ambiri mwa iwo ndi ochokera m'damu limenelo, lomwe limasamalidwa ndi bungwe la Southern Region Water Board. Amatsika okha kutsata kutsetsereka kwa phiri. Ndikamawayang'ana ndimakumbuka kuti chisomo nacho chimatero, chimachokera kumwamba kudzatipeza ife tili m'chigwa. Komabe zaka zino mtsinjewu wandiphunzitsa china. Mwezi wa Okutobala umaonda mpaka miyala kuyera mbee, ndipo mvula ikagwa ya usiku umodzi wokha umadzuka wofiira ndi dothi, ukubangula ngati chilombo. Kale sunali wosachedwa kupsa mtima chotere.

Kodi tinalakwanji?

Akuluakulu a kuno sanaiwale za Disembala 1946, pamene Napolo anatsika m'phiri la Zomba, nakokolola milatho ndi nyumba, natenganso miyoyo ya anthu. Makolo ankati Napolo ndi chinjoka chokhala pansi pa mapiri, chimene chikafuna kusamukira kunyanja chimang'amba njira yakeyake. Chimene tiyenera kuchiona m'nkhaniyi n'chakuti Napolo anali mlendo wobwera patalipatali. Anadutsa mu 1946, ndipo tsoka lina lalikulu lotere linadzaoneka ku Phalombe mu Malichi 1991. Munthu ankatha kubadwa, kukwatira, n'kuona zidzukulu atangomumva kamodzi kapena kawiri.

Tsono tawerengani za masiku ano. Mu Januwale 2015 madzi anasefukira m'maboma 15, anthu oposa 200,000 nathawa m'nyumba zawo. Mu Malichi 2019 kunabwera namondwe wa Idai. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko lonse n'kukhala mumdima wa kuzimazima kwa miyezi yambiri, ndipo tisanapume, mu Malichi chaka chomwecho, Gombe anafika. Mu Malichi 2023 anadza Freddy, namondwe amene akatswiri a zanyengo akuti sanaonepo wina wokhalitsa ngati iye. Phiri la Soche linakhuthulira matope ndi miyala pa anthu a ku Chilobwe, ndipo ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu midzi ina inafafanizika. Omwalira ndi osowa onse pamodzi anapitirira 1,000, ndipo oposa 650,000 anasowa pogona. Chaka chotsatira mvula inathawa, mwakuti mu Malichi 2024 mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, Dr Lazarus Chakwera, analengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pangozi ya njala.

Freddy atangodutsa ndinapita kukapepesa kumpingo wina wa kuchigwa cha Chilwa. Tili m'kalasi la sukulu momwe munagona mabanja ambirimbiri, mayi wina wachikulire, wovala yunifolomu ya Mvano yothimbirira ndi matope, anandigwira dzanja nati, "Abusa, inu munaphunzira za Mulungu. Tandiuzani, ife tinamulakwira chiyani choposa anzathu?" Ndinakhala kaye chete, pakuti mawu ofulumira pamaso pa wolira ndi mwano.

Funso la mayiwo si lachilendo m'Malemba. Pa Luka 13 anthu anauza Yesu za Agalileya amene Pilato anawapha, ndipo Iye anawakumbutsanso za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera. Ambuye anakana kwamtuwagalu kuti ofawo anali ochimwa koposa otsala. Choncho mlaliki aliyense woima pamanda a ana a ku Chilobwe n'kumati ichi n'chilango cha machimo awo, akulankhula zimene Mwini wake anazikana. Koma Yesu sanalekere pomwepo. Anatembenukira amoyo nawauza kuti alape. Ngozi siulula tchimo la wakufa, koma imafunsa amoyo za njira zawo. Nanga amoyo ofunika kulapa pankhani iyi ndani?

Anayatsa moto ndani?

M'buku la Eksodo, mutu 22, muli lamulo limene nyakwawa iliyonse ya kwathu ingalimve popanda womasulira. Likuti munthu akalekerera ziweto zake n'kukadya m'munda mwa mnzake, abweze kuchokera pa zokolola zake zabwino koposa. Likutinso moto ukabuka n'kulowerera mpaka kutentha mitolo kapena mbewu za mnansi, amene anauyatsa alipire ndithu. Lamuloli silifunsa ngati woyatsayo anali ndi chiwembu. Mwina ankangotentha mapesi m'munda mwake, mwina ankasaka mbewa. Limangoona kuti nkhokwe ya mnzake yapsa, ndipo moto unachokera m'dzanja lake.

Akatswiri a sayansi atiuza momveka kumene kwachokera moto umene ukutitenthawu. Kwa zaka zoposa 150, mafakitale, magalimoto, ndege ndi nyumba zopangira magetsi zakhala zikutentha malasha, mafuta ndi gasi. Mpweya wotuluka m'menemo umaunjikana mlengalenga n'kumatsekereza kutentha, monga momwe bulangete limachitira pathupi. Chaka cha 2024 chinali chotentha koposa zaka zonse chiyambire kulemba kawundula wa zanyengo, pamene dziko linatentha ndi madigiri pafupifupi 1.5 kuposa nthawi ya mafakitale asanachuluke. Mpweya ukatentha ndi digiri imodzi umasenza chinyezi chochuluka ndi magawo 7 pa 100 alionse, ndipo nyanja yamchere ikafunda imapatsa namondwe mphamvu. N'chifukwa chake mvula imene inkagwa mwaulemu kwa mwezi wathunthu tsopano imakhuthuka masiku atatu, kenaka n'kusowa milungu inayi chimanga chikumasula.

Nanga pa utsi wonsewo, wathu ndi wochuluka bwanji? Afirika yense, ndi anthu ake oposa biliyoni imodzi, satulutsa ngakhale magawo 4 pa 100 a mpweya wochokera ku malasha ndi mafuta. Mmalawi mmodzi amatulutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a tani pachaka, pamene munthu mmodzi wa ku America amatulutsa matani oposa 13. Mayi uja wa ku Chilwa sanakwerepo ndege, alibe galimoto, m'nyumba mwake simunalowepo nthambo ya magetsi. Moto anayatsa ena, koma nkhokwe yopsa ndi yake.

Apa mpamene pagona nkhani ya ndalama zimene atsogoleri a maiko amakangana chaka ndi chaka. Kuti tizimvetse, tiyeni tikhalebe pa chitsanzo cha moto. Pali ndalama zozimitsira motowo, ndiko kuthandiza maiko kupeza mphamvu za dzuwa, mphepo ndi madzi m'malo mwa malasha. Pali ndalama zolambulira mphepete mwa munda moto usanafike, ndizo zomangira milatho yolimba, madamu, ulimi wothirira, mbewu zopirira ndi njira zochenjezera anthu. Ndipo pali ndalama zolipirira nkhokwe imene yapsa kale. Ife a ku Malawi zimene zikutikhudza kwambiri ndi ziwiri zomalizazi. Ndipo malinga ndi Eksodo 22, ndalama zotere si zachifundo zimene wopereka amadikira kuombedwa m'manja. Ndi malipiro a mlandu.

Malonjezo a ku Korinto

Mtumwi Paulo anadziwa kuwawa kwa kudikira lonjezo la munthu wolemera. Akhristu a ku Yerusalemu atasauka, iye anayendayenda m'mipingo kusonkhetsa thandizo. A ku Makedoniya, amene anali osauka okhaokha, anapereka mopyola muyeso wawo, mpaka kuchita kupempha kuti asasiyidwe. A ku Korinto, mzinda wa malonda ndi madoko, ndiwo anayamba kulonjeza, koma chaka chinatha thumba lili pomwepo. Ndiye pa 2 Akorinto 8 Paulo akuwadandaulira kuti amalize chimene anayamba, kuti changu cha pakamwa chifanane ndi cha m'manja. Akuwauzanso kuti cholinga sikusaukitsa iwo kuti ena alemere ayi, koma kuti pakhale kulingana, monga zinalili ndi mana m'chipululu, pamene wotola zambiri sanatsale nazo ndipo wotola pang'ono sanasowe.

Mbiri ya malonjezo a masiku athu ikufanana ndi ya ku Korinto. Mu 2009, pamsonkhano wa ku Copenhagen, maiko olemera analonjeza kuti pofika 2020 azidzapereka madola 100 biliyoni chaka chilichonse kwa maiko osauka. Chaka cha 2020 chinakwana ndalamazo zisanakwane. Bungwe la maiko olemera omwewo la OECD linati muyesowo unadzafikidwa mu 2022, mochedwa ndi zaka ziwiri. Ndipo pa ndalama zimene maboma anapereka, pafupifupi magawo 7 mwa magawo 10 zinali ngongole. Taganizani, abale anga, munthu watentha nkhokwe yako, ndipo pobwera kudzapepesa akukupatsa ndalama za katapila kuti umangire ina! Mutu womwewo wa Eksodo 22, pandime 25, ukuletsa kukongoza wosauka mwa chiwongoladzanja.

Mu 2022, ku Sharm el-Sheikh m'dziko la Egypt, maiko anavomera kukhazikitsa thumba lapadera lolipirira zoonongeka, chinthu chimene maiko ang'onoang'ono anakhala akuchilirira kwa zaka 30. Chaka chotsatira ku Dubai anayamba kuponyamo malonjezo, ndipo onse pamodzi anakwana madola pafupifupi 700 miliyoni. Kumva chiwerengero chimenechi munthu angaombe m'manja. Koma kafukufuku amene boma lathu linachita pamodzi ndi mabungwe akunja anapeza kuti Freddy yekha anaononga katundu wa madola oposa 500 miliyoni m'Malawi muno, ndipo kukonzanso zonse kunafunika madola pafupifupi 680 miliyoni. Ndiye kuti thumba lolonjezedwa kwa maiko onse osauka a padziko lapansi likanathera pa namondwe mmodzi, m'dziko limodzi laling'ono.

Mu 2024 ku Baku, m'dziko la Azerbaijan, maiko osauka anapempha madola 1.3 thililiyoni pachaka, ndipo anabwerako ndi lonjezo la madola 300 biliyoni pofika 2035. Pamsonkhano umenewo, amene ankatsogolera gulu la maiko osaukitsitsa anali mwana wa kwathu konkuno, a Evans Njewa, ndipo zinafika poti nthumwi za gululo zinatuluka m'chipinda cha zokambirana posonyeza kusakondwa. Mu Januwale 2025 dziko la America linalengeza kachiwiri kuti likutuluka m'pangano la ku Paris la 2015. Mu Novembala 2025, ku Belém m'dziko la Brazil, anagwirizana zoyesetsa kuti ndalama zotetezera anthu ku kusintha kwa nyengo zichuluke katatu pofika 2035. Koma nthambi ya United Nations yoona zachilengedwe inawerengera kuti maiko osauka adzafunika madola oposa 300 biliyoni pachaka pa ntchito yokhayi, pamene mu 2023 analandira madola 26 biliyoni okha. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Zimene zafika, tiziyamike

Ndikanakhala wosayamika, ndiponso wonama, ndikanati palibe chimene chafika. Nyanja ya Chilwa inauma mu 1968, mu 1995, ndiponso inaphwa kwambiri mu 2012 ndi 2018, mabwato n'kungoti kakasi pamatope osweka ku doko la Kachulu. Kuyambira mu 2010, ndi ndalama za dziko la Norway, akatswiri a ku Chancellor College motsogozedwa ndi Pulofesa Sosten Chiotha, pamodzi ndi a nthambi yofufuza za nkhalango ya FRIM ndi bungwe la WorldFish, anagwira ntchito ndi midzi ya m'chigwa cha nyanjayi. Amayi ogulitsa matemba anaphunzira kuyanika nsomba m'nyumba za pulasitiki zokoka kutentha kwa dzuwa, m'malo moziyala pamchenga pomwe ntchentche ndi mvula zimaziononga. Anthu anabzala mitengo m'mbali mwa mitsinje, ena naphunzira kuyeza mvula ndi kuya kwa madzi m'mudzi mwawo momwe.

Mu 2015 thumba la Green Climate Fund, pogawa ndalama zake koyamba, linapatsa Malawi madola 12.3 miliyoni a ntchito ya M-CLIMES, yoika zida zoyezera nyengo ndi madzi a m'mitsinje, komanso yotumiza machenjezo kwa alimi ndi asodzi. Chenjezo lofika pa nthawi yake ndi lotsika mtengo kuposa bokosi la maliro.

Ndiponso mu 2021, pamsonkhano wa ku Glasgow, boma la Scotland ndilo linayamba kuswa chisanu polonjeza mapaundi 2 miliyoni a zoonongeka, pamene maiko akuluakulu ankaopa ngakhale kutchula mawuwo. Gawo la ndalamazo linafika m'midzi ya ku Nsanje ndi kuno ku Zomba kudzera m'bungwe la Akatolika la SCIAF. Freddy atadutsa, mabanja pafupifupi 2,700 a ku Nsanje analandira ndalama zina za Scotland pafoni zawo kudzera m'bungwe la GiveDirectly, banja lililonse madola pafupifupi 750, kuti lisankhe lokha chochita nazo, ndipo ambiri anamangira nyumba kumtunda. Ndalamazi n'zochepa poyerekeza ndi bala lake. Koma Scotland, dziko limene linatitumizira amishoni ku Blantyre mu 1876, linachita ngati Makedoniya, wamng'ono kuchititsa manyazi akuluakulu. Ndipo linaonetsa kuti ndalama ikafika m'manja mwa mwini tsoka, osathera m'mahotela a misonkhano, imagwira ntchito.

Moto wathu womwe

Tsopano ndilole nditembenuze chala, pakuti mlaliki wodzudzula akutali okhaokha ndi wamantha. Kwerani msewu wopita ku Ku Chawe m'mamawa. Musanafike kwa anyamata ogulitsa masitiroberi mukumana ndi amayi otsika atasenza mitengo yaitali pamutu, ndi abambo okankha njinga zolemedwa ndi nkhuni. Yang'anani malo amene kale kunali mdima wa mitengo ya paini ndi ya chilengedwe, muona zitsa. Mwezi wa Sepitembala ndi Okutobala, usiku, phiri limavala mkanda wa moto umene timauonera tili m'makonde mwathu. Moto umenewo sanayatse a ku America kapena a ku China. Nkhalango ya phiri ili inatetezedwa ndi lamulo kuyambira mu 1913, koma lamulo la papepala silizimitsa moto.

Mtengo ndi umene umagwira dontho la mvula n'kulilowetsa pansi pang'onopang'ono kuti kasupe adzalitulutse m'chilimwe. Mizu yake ndi imene imamanga dothi pamalo otsetsereka. Ukachoka, madzi amathamanga pamwamba atanyamula dothi, dothilo n'kukakhala pansi pa damu pamalo pamene pakanakhala madzi akumwa. Otsala amakagumula magombe a Likangala ndi kukwirira minda ya mpunga kuchigwa. Choncho wodula mtengo pamwamba pa phiri la Zomba naye wayatsa moto umene ukatentha munda wa mnansi wake wa ku Kachulu. Eksodo 22 ikumukhudza iyenso.

Komatu ndisafulumire kuweruza mayi wosenza nkhuni uja. Iye akudula chifukwa alipo wogula, ndipo wogulayo ndine. Pamene ndikulemba zino, kuseri kwa khitchini yanga kuli thumba la makala, ndipo sindinafunse kumene linachokera. M'dziko muno mabanja oposa 9 mwa 10 alionse amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo makala ambiri amathera m'matauni, m'nyumba za ife ovala mataye ndi makolala. Kulapa kumene Yesu ananena pa Luka 13 kuyambire pakhomo pa m'busa.

Pali moto winanso umene tiyenera kuutchula dzina. Paulo posonkhetsa ndalama za ku Yerusalemu sanafune kuzinyamula yekha. Anatuma Tito pamodzi ndi mbale wina wosankhidwa ndi mipingo yomwe, kuti pasapezeke munthu wowanenera zoipa pa kayendetsedwe ka mphatsoyo. Ankafuna kuti zinthu zikhale zolongosoka pamaso pa Mulungu ndi pamaso pa anthu omwe. Ngati mtumwi anadziikira mboni, kuli bwanji ife? Sitinaiwale za 2013, pamene mabiliyoni a boma anabedwa ku Capital Hill pankhani ya Cashgate, maiko otithandiza n'kuimitsa ndalama zawo. Kwacha iliyonse yobedwa pa thandizo la ovutika imaba kawiri. Imalanda wamasiye bulangete lake lero, ndipo imapatsa wolemera wa kunja chifukwa chokanira mawa. Sitingaime pabwalo la maiko kufuna chilungamo manja athu ali onona ndi mafuta a nkhosa za amphawi.

Tichitenji podikira?

Mlandu wathu ndi woona, ndipo tisatope kuunena. Koma mvula ya chaka chino sidikira chigamulo cha ku msonkhano. Yosefe atamasulira maloto a Farao pa Genesis 41 sanangoti tiyeni tipemphere. Analangiza kuti pa zaka zisanu ndi ziwiri za dzinthu asunge gawo limodzi mwa magawo asanu a zokolola, ndipo kuti ntchitoyo aipereke kwa munthu wanzeru ndi wokhulupirika. Kukonzekera si kuchepa kwa chikhulupiriro. Nowa anakhoma chingalawa kumwamba kuli mbee.

Poyamba, timvere machenjezo. Nthambi ya boma yoona zanyengo imalengeza za mvula ya chaka isanayambe, ndipo namondwe akamayandikira imachenjeza pawailesi ndi pafoni. Ndikupempha abusa anzanga ndi akulu a mpingo kuti machenjezo otere aziwerengedwa pa zolengeza za Lamulungu, pamodzi ndi za maukwati ndi misonkhano. Mpingo uliwonse udziwe nkhalamba, olumala ndi amayi oyembekezera amene sangathe kuthawa okha, ndipo aliyense akhale ndi womunyamula wodziwika dzina. Popeza matchalitchi ndi sukulu zathu ndizo zimasanduka misasa, tizikonzeretu zimbudzi ndi madzi ake kusanade. Amene tinamanga m'khwawa kapena m'munsi mwa phiri lometedwa, tikumbuke kuti madzi saiwala khwawa.

Kachiwiri, tisinthe kalimidwe. Chimanga chokha chatigwiritsa fuwa lamoto kokwanira. Makolo athu ankasakaniza mapira, mawere, nandolo, chinangwa ndi mbatata, podziwa kuti china chikakana china chivomera. Tibwerere ku manyowa, ku mizere yotsata akalozera, ku udzu wa vetiva m'malire, ndi kuphimbira nthaka ndi mapesi m'malo mowatentha. Tileke kulima mpaka m'kamwa mwa mtsinje. Ndipo pokolola tisathamangire kugulitsa chimanga chonse kwa mavenda pamtengo wolira, n'kudzachigulanso mu Febuluwale pamtengo wowirikiza. Bwanji mpingo uliwonse usakhale ndi nkhokwe ya Yosefe, yosungamo gawo la zopereka za masika, yokhala ndi makiyi awiri ndi buku lowerengedwa poyera?

Kachitatu, tibweze chofunda cha phiri. Nyengo yobzala mitengo imatsegulidwa pa 15 Disembala n'kutsekedwa pa 15 Epulo chaka chilichonse, ndipo timamva za mamiliyoni a mbande zobzalidwa. Koma Mulungu sawerenga mbande zojambulidwa pa tsiku la mwambo, amawerenga mitengo yopulumuka chilimwe. Mukamayenda m'midzi yathu, taonani pamene patsala mitengo ikuluikulu ya chilengedwe. Ndi kumanda. Pamenepo nkhwangwa siifika popanda chilolezo cha mfumu, chifukwa timalemekeza akufa. Ngati tingathe kusungira mitengo anthu amene safunanso mthunzi, tilepherenji kusungira ana amene adzafune madzi? Banja lililonse libzale mtengo pa ubatizo wa mwana, mwanayo akule akuuthirira. Mbaula ya chitetezo, youmbidwa ndi dothi lathu lomweli, imadya nkhuni zochepa kuposa mafuwa atatu. Ine ndayamba ndi imeneyo, ndipo ndapangana ndi mayi a kunyumba kuti thumba la makala lija lizitha mochedwa kuposa kale.

Kachinayi, titsegule pakamwa. Phungu ndi khansala akabwera kudzapereka moni kutchalitchi, tiwafunse mwaulemu kuti ndalama za ngozi zogwa mwadzidzidzi ndi za nyengo zimene zinafika kukhonsolo zinagwira ntchito yanji, ndipo mndandanda wa olandira unalembedwa ndi yani. Mipingo yathu yambiri ili pa ubale ndi mipingo ya ku Scotland, America, Germany ndi kwina. Alendowo akabwera tisamangowaonetsa denga lodontha la tchalitchi. Tiwatengere ku Chilwa, tiwawerengere Eksodo 22, tiwapemphe kuti akalankhule ndi aphungu a kwawo, pakuti kumeneko mavoti ndi awo. Mutu umodzi susenza denga.

Mayi uja wa ku Chilwa sindinamuyankhe mwanzeru tsiku lija. Ndinangomuuza kuti Yesu anakana zoti ogweredwa nsanja ndi ochimwa koposa ena, kenaka tinapemphera. Ndikadzakumana nayenso ndidzaonjeza kuti mlandu wake Mulungu anaulemberatu m'chilamulo cha Mose zaka zikwi zapitazo, ndipo anagamula mokomera iye. Chatsala n'chakuti ife, akutali ndi apafupi, timvere chigamulocho.

Tipemphere

Atate wathu Wakumwamba, Inu amene munaika munthu m'munda kuti aulime ndi kuusunga, tikuvomereza kuti taulima koma sitinausunge. Tonthozani onse amene anataya abale, nyumba ndi minda m'madzi ndi m'chilala. Fewetsani mitima ya olamulira maiko olemera kuti amalize zimene analonjeza. Yeretsani manja a onse ogwira ndalama za amphawi m'dziko lathu, m'boma ndi mumpingo momwe. Tipatseni nzeru za Yosefe ndi mtima wa a ku Makedoniya. Tumizani mvula yaulemu pa nyengo yake, ndipo Mulunguzi asaphwe m'masiku a ana athu. M'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.